Kuphunzitsa Antchito Kulemba, Kuwerenga ndi Masamu: Mafunso Amene Olemba Ntchito Amafunsa

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni makampani, mamanijala ndi akapitawo amabwerezabwereza akamva zoti antchito awo aphunzitsidwe kuwerenga, kulemba ndi masamu a tsiku ndi tsiku. Tayambira pa apafupi, ozama ali chakumapeto.

1. Kodi maphunziro amenewa ndi otani kwenikweni?

Ndi maphunziro othandiza wantchito kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera zinthu zimene ntchito yake imafuna. Sitikunena zobwezera bambo wa zaka 45 m'kalasi ya ana oyamba kumene sukulu ayi. Tikunena zoti athe kuwerenga lebulo ya pachigubu cha mankhwala, kudzaza fomu ya katundu wotuluka, kulemba mizere itatu yofotokoza mmene makina afera, kuyeza ndi tepi kapena sikelo, ndi kudziwa kuti 15 peresenti ya makatoni 200 ndi makatoni 30.

Ganizoli si ladzulo. Mu 1965 nduna za maphunziro za mayiko ambiri zinakumana ku Tehran pa msonkhano wa UNESCO, ndipo mfundo imene inatchuka kumeneko inali yoti munthu wamkulu aziphunzitsidwa kuwerenga molumikizana ndi ntchito imene amadyerapo. Pantchito, buku lophunzirira ndi mapepala a kampani yanu yomweyo.

2. Antchito anga onse anapitako kusukulu. Nkhaniyi ikundikhudza pati?

Kupita kusukulu n'kwina, kutha kugwiritsa ntchito zolembedwa n'kwinanso. Munthu akhoza kutchula bwinobwino liwu lililonse la pachikalata koma osatolapo chimene chikalatacho chikumuuza kuti achite. Komanso luso losagwiritsidwa ntchito limachita dzimbiri ngati mpeni wosiyidwa pamvula. Amene anasiya sukulu zaka 20 zapitazo, ndipo chisiyireni sanalembepo chiganizo chathunthu, sangakhale monga analili tsiku limene ankalemba mayeso.

Vutoli si la mayiko osauka okha. Bungwe la OECD limayesa luso la anthu a zaka 16 mpaka 65, ndipo zotsatira zimene linatulutsa mu December 2024, zochokera m'mayiko 31 amene ambiri mwa iwo ndi olemera, zinasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse ali pa mlingo wotsika pa kuwerenga, chimodzimodzinso pa masamu. Ku England lipoti la Moser la mu 1999 linapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse ankavutika ndi kuwerenga kofunika pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Padziko lonse, UNESCO imati akuluakulu oposa 700 miliyoni sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo ochuluka mwa iwo ndi amayi. Anthu amenewa sangokhala pakhomo. Ambiri ali pantchito, ena pa kampani ngati yanu.

3. Ngati vutoli lilipodi, bwanji sindikuliona?

Chifukwa amene ali nalo ndi akatswiri polibisa, ndipo akhala akulibisa kuyambira ali ana.

Taganizani za tsiku limene munabweretsa fomu yatsopano yoti aliyense adzaze. Wina anagwiragwira m'matumba n'kunena kuti, "Magalasi ndaiwala kunyumba, bwana." Wina anati, "M'manja muli girizi, tandilemberani achimwene." Wachitatu anaipinda fomuyo kanayi, n'kuiika m'thumba la ovolosi, mawa lake n'kubwera nayo yodzazidwa bwino ndi dzanja la mwana wake wa kusekondale. Palibe amene ananama bodza lalikulu, ndipo inu simunaganizirepo kanthu.

Anthu oterewa nthawi zambiri amakhala antchito odalirika kwambiri. Amasunga zinthu m'mutu moti mungadabwe. Wosunga sitoko wina amadziwa katundu yense ndi mtundu wa katoni, kukula kwa botolo ndi shelefu imene amakhala, ndipo zaka 10 zimatha osalakwitsapo. Tsoka limadza tsiku limene ogulitsa katunduyo asintha mapaketi, mankhwala awiri osiyana n'kubwera m'zigubu zofanana, kusiyana kwake kuli pa zilembo zokha. Mawa lake mumamva kuti oda yapita yolakwika, inu n'kumati mkuluyu wayamba ulesi kapena ukalamba.

Zizindikiro zina ndi izi: munthu waluso kukana kukwezedwa kukhala kapitawo popanda chifukwa chomveka, buku losiyirana shifiti kumangolembedwa "zonse zili bwino" tsiku lililonse, munthu kudwala tsiku la maphunziro a makina atsopano, kapena kukonda kuyankha meseji ndi mawu ojambula nthawi zonse. Chimodzi chokha si umboni. Zikachulukana pa munthu mmodzi, m'pofunika kuganizapo.

4. Nanga kampani imataya chiyani kwenikweni?

Choyamba ndi katundu wowonongeka ndi ntchito yobwereza. Thabwa lodulidwa mofupika silingatalikenso. Penti wosakanizidwa molakwika amatayidwa, ndipo pamwamba pa pentiyo mwatayanso maola a munthu amene anapaka ndi a amene akupala kuti apakenso.

Chachiwiri, chimene ambiri sachiwerengera, ndi nthawi ya kapitawo. Pamene malangizo olembedwa sakugwira ntchito, chilichonse chimayenera kunenedwa pakamwa, kwa munthu mmodzimmodzi, mwinanso kawiri. Kapitawo amene munamulemba kuti aziyendetsa ntchito amasanduka kalaliki wodzazira anzake mafomu. Akadwala kapena akapita kutchuthi, gawo lonse limayenda motsimphina.

Palinso zimene sizinalembedwe. Makina asanafe amayamba achenjeza: kulira kwachilendo, kutentha, kudontha mafuta. Woyendetsa makinawo amaona zonsezi, koma ngati kulemba lipoti kumamuvuta, amangouza mnzake pakamwa, uthengawo n'kuthera panjira. Kampani imene ikufuna satifiketi ya ISO 9001, kapena imene makasitomala ake amafuna kuona zolembedwa za mmene katundu anapangidwira, imapunthwa pomwepa.

Kenako pali makasitomala: chenji cholakwika, invoisi yosagwirizana ndi katundu, oda yolembedwa mosamveka. Kasitomala amakhululuka kamodzi, kachiwiri amangopita kwina osatsanzika.

5. Masamu a chiyaninso, poti aliyense ali ndi kakyuleta pafoni?

Kakyuleta imayankha funso limene mwaifunsa, ngakhale funsolo likhale lolakwika. Chimene wantchito amafunika ndi kudziwa choti aifunse, ndi kuzindikira yankho likakhala lopanda nzeru.

Tinene kuti lebulo ikuti sakanizani gawo 1 la mankhwala ndi magawo 20 a madzi, ndipo madzi alipo malita 10. Yankho ndi theka la lita, lomwe ndi mamililita 500, kapena 0.5. Wosazolowera kadontho kameneka akhoza kuwerenga 0.5 ngati 5, n'kuthira mankhwala ochuluka kakhumi. Kakyuleta siingamuletse. Chimene chingamuletse ndi kamtima koti, "Iyayi, malita 5 m'ndowa iyi achuluka." Kamtima kameneka n'kamene maphunziro a masamu amadzutsa.

Miyeso imasokoneza ngakhale ophunzira kwambiri. Mu July 1983 ndege ya Air Canada ya mtundu wa Boeing 767 inatha mafuta ili m'mwamba chifukwa powerengera mafutawo anasokoneza mapaundi ndi makilogalamu, moti inanyamuka ndi mafuta osakwana theka la amene ankafunika. Oyendetsa anaitsitsa ma injini atazima pa bwalo lakale la ndege ku Gimli, ndipo palibe anafa. Ngati zinachitikira anthu a zandege, kuli bwanji munthu amene akupimira simenti, utoto kapena mankhwala ophera tizilombo ndipo palibe anamufotokozerapo kusiyana kwa mililita ndi miligalamu?

6. Kodi zikukhudzana bwanji ndi ngozi zapantchito? Si paja pali zithunzi zochenjeza?

Zithunzi zilipo ndipo zimathandiza. Dongosolo la United Nations lotchedwa GHS lili ndi zizindikiro 9 za mankhwala oopsa, monga lawi la moto ndi chibade cha mutu. Koma chithunzi chimangoti "samala". Sichinena kuti mankhwalawo akagwera m'maso utani, kapena kuti magolovesi oyenera ndi ati. Zimenezi zili pa pepala la chitetezo la mankhwalawo, lomwe lili ndi zigawo 16: chithandizo choyamba chili pa gawo 4, zodzitetezera pa gawo 8. Pa ngozi palibe nthawi yofunafuna munthu wokuwerengera.

Wokolopa amene wasakaniza bulichi ndi mankhwala a asidi otsukira zimbudzi amatulutsa mpweya wa klorini, umene umapweteka mapapo. Chenjezo limakhala lolembedwa pabotolo pomwepo, m'tizilembo ting'onoting'ono.

Dziwaninso kuti siginecha ya wantchito pa pepala loti "ndawerenga malamulo a chitetezo" siiteteza chala chake ku makina. Ngati anasaina osamva, chimene muli nacho ndi pepala chabe.

7. Pali umboni woti maphunzirowa amabweza ndalama, kapena ndi nkhani yongokoma m'khutu?

Umboni ulipo, koma uli mbali ziwiri, ndipo ndi bwino mumve zonse.

Ku Canada bungwe lofufuza la SRDC linachita kafukufuku wotchedwa UPSKILL m'mahotela, zotsatira zake n'kutuluka mu 2014. Mahotela ena anasankhidwa mwamaere kuti antchito awo alandire maphunziro, ena ayi, kuti pakhale pofananitsa. Maphunzirowo anali aafupi, ndipo analukidwa pa ntchito ya m'hotela yeniyeniyo. Anapeza kuti ophunzitsidwawo ankagwira bwino ntchito kuposa anzawo, ndipo mahotelawo anapeza phindu loposa zimene zinalowa.

Ku England nkhani inali ina. Boma linayambitsa ndondomeko ya Skills for Life mu 2001, ndipo mbali ina inali makosi a pantchito. Ofufuza Alison Wolf ndi Karen Evans anatsatira ophunzira a makosiwa kwa zaka zingapo. Makosi ambiri anali a maola pafupifupi 30, ndipo anapeza kuti ngakhale ophunzirawo ankawakonda n'kuyamba kudzidalira, luso la ambiri silinakwere kwenikweni, phindu ku makampani silinaoneke bwino, ndipo ndalama za boma zitatha makosi ambiri anathera pomwepo.

Ife timawerenga nkhani ziwirizi motere: kosi yongobwera kuchokera kunja, yosakhudzana ndi ntchito, imene bwana anaivomera chifukwa inali yaulere, siipindulitsa. Munthu amene waphunzira kulemba lipoti koma pantchito palibe womupempha lipoti amaiwala pasanathe miyezi. Phindu limabwera pamene zophunzirazo zikugwiritsidwa ntchito mawa lake lomwe. Onani mafunso 12 ndi 13.

8. Kodi umenewu si udindo wa boma ndi sukulu?

Ndi udindo wawodi, ndipo mayiko anadzilonjeza okha pa cholinga 4.6 cha Zolinga za Chitukuko Chokhazikika kuti pofika 2030 achinyamata onse ndi akuluakulu ambiri akhale odziwa kuwerenga ndi masamu. Koma katundu amene akuwonongeka mwezi uno ndi wanu, si wa boma. Funsani ngati kwanuko kuli thandizo: mayiko ena, monga New Zealand, ali ndi thumba la boma lothandiza olemba ntchito pa maphunziro oterewa.

9. Ndikawaphunzitsa, sadzangothawira kwina?

Ena adzapita, monga mmene ena amapitira ngakhale musanawaphunzitse. Koma luso limene tikunenali si digiri yoti makampani ena azilimbirana. Ndi luso lothandiza munthu kugwira bwino ntchito imene ali nayo kale. Ndipo munthu amene wanyamula manyazi a kusawerenga kwa zaka 30, n'kupeza malo amene anamuthandiza popanda kumuseka, sachoka pamalopo mwachisawawa.

Chimene chimathamangitsa ophunzitsidwa ndi china: munthu kuphunzira, kuyamba kuchita zambiri, koma osaona kusintha kulikonse pa udindo kapena pa malipiro, pamene kapitawo akulembedwa kuchokera kunja. Ngati mulibe pomukwezera lero, muuzeni zoona, ndipo mpata ukapezeka muyambire iye.

10. Bwanji osangolemba anthu ena odziwa kale kulemba ndi kuwerenga?

Chifukwa wosunga sitoko wa pa funso 3 uja ali ndi zaka 10 za kampani yanu m'mutu mwake. Amadziwa kasitomala amene amasintha oda mochedwa, makina amene amavuta kukazizira, ndi dalaivala amene safuna kudikira. Kumuphunzitsa kuwerenga lebulo n'kwapafupi kuposa kuphunzitsa mlendo zonsezo. Kulemba watsopano kulinso ndi mtengo wake: kulengeza, kufunsa mafunso, miyezi yozolowera, ndi zolakwa za uchilendo. Ndipo satifiketi ya watsopanoyo siikutsimikizirani kanthu, monga tanenera pa funso 2.

11. Ndingadziwe bwanji amene akufunika thandizo popanda kuchititsa munthu manyazi?

Apa m'pamene mapulogalamu ambiri amafera asanabadwe. Mukangoima pamsonkhano n'kunena kuti, "Amene sadziwa kuwerenga akweze dzanja," simudzaona dzanja, ndipo amene mumawafunawo adzayamba kuopa kuti mukufuna kuwachotsa ntchito.

Yambirani pa ntchito, osati pa anthu. Tengani mapepala onse amene gawo lina limagwiritsa ntchito, muone pamene zolakwa zimachuluka. Kenako lengezani maphunziro a aliyense wa m'gawolo, dzina lake likhale la ntchito: "kudzaza mafomu atsopano", "miyeso ndi kusakaniza", "kulemba malipoti". Liwu loti "umbuli" lisamveke n'komwe, ngakhale mocheza. Mphunzitsi akakhala ndi gulu, amaona yekha amene akufunika nthawi yapadera, n'kulankhula naye pambali.

Zotsatira za kuyesedwa kwa munthu zikhale pakati pa iye ndi mphunzitsi. Bwana alandire chithunzi cha gulu lonse, osati mayina. Nenani poyera, makamaka pamaso pa oimira antchito, kuti palibe adzachotsedwe kapena kutsitsidwa chifukwa cha zimene zapezeka, ndipo musunge mawu amenewo. Mukangowaswa kamodzi, palibe adzabwerenso.

Kapitawo akafuna kuyamba nkhaniyi ndi munthu wamkulu kwa iye, asayambe ndi "Kodi mumatha kuwerenga?" Angathe kunena kuti, "Akulu, mafomu awa akutivuta tonse, Lachitatu kuli wotithandiza. Ine ndikupita, tiyeni limodzi." Ndipo apitedi.

12. Aziphunzira nthawi ya ntchito kapena akaweruka?

Nthawi ya ntchito, ngati n'kotheka, ndipo alipidwe monga mwa masiku onse. Munthu amene waima maola 8 kapena 9, kunyumba kukumudikira ana ndi ulendo wautali, sangalimbike kalasi yamadzulo kupitirira milungu itatu. Amayi, amene ntchito yachiwiri imawadikira pakhomo, ndiwo amayamba kusiya. Makampani ena amagawana ndi antchito: ola limodzi la kampani, limodzi la mwiniwake. Zimenezo zimatheka ngati antchitowo avomera okha.

Ola limodzi kapena awiri pamlungu kwa miyezi ingapo amaposa masiku atatu otsatizana. Luso limeneli limafuna kuyesera, kukalakwitsa pantchito, n'kubwerera kwa mphunzitsi ndi funso. Konzani ndandanda mogwirizana ndi akapitawo, apo ayi tsiku lililonse la kalasi lidzakhala tsiku limene "ntchito yachuluka".

13. Aziphunzira chiyani, ndipo aziwaphunzitsa ndani?

Aziphunzira zimene zili m'manja mwawo: malebulo anu, mafomu anu, ndandanda ya mashifiti, pepala la malipiro, mameseji amene makasitomala amatumiza. Mphunzitsi wabwino amayamba wayenda m'fakitale kapena m'sitolo masiku angapo asanaphunzitse, kuona ntchito, kumva mawu amene anthu amagwiritsa ntchito, ndi kutola mapepala. Amene wabwera ndi buku lake lokonzeratu, osafunsa kuti mumapanga chiyani, mubwezeni.

Njira yoyambira pa mawu a moyo wa wophunzira inatchuka ndi Paulo Freire wa ku Brazil, amene mu 1963 ku Angicos anaphunzitsa anthu akuluakulu pafupifupi 300 kuwerenga m'masiku 45. Sanagwiritse ntchito mabuku a ana. Anatola mawu amene anthuwo ankalankhula tsiku ndi tsiku n'kumangirapo maphunziro. Pantchito mawu oterowo simuchita kuwasaka, ali pakhoma ndi pamakatoni.

Mphunzitsi akhale wodziwa kuphunzitsa akulu. Wozolowera ana yekha amatha kulankhula ndi agogo ngati akulankhula ndi mwana wa zaka 7, ndipo agogowo sabweranso. Asakhalenso bwana amene amasaina malipiro a ophunzirawo, chifukwa palibe amafuna kulakwitsa pamaso pa womulipira. Gulu likhale laling'ono, anthu 6 mpaka 10. Anzawo a pantchito odziwa bwino angathandize pakati pa mlungu, koma asalowe m'malo mwa mphunzitsi.

14. Antchito anga amalankhula zilankhulo zosiyana ndi cha mapepala athu. Tiphunzitse m'chilankhulo chiti?

Siyanitsani mavuto awiri. Pali munthu amene amawerenga bwino m'chilankhulo chake koma sadziwa cha kampani. Ameneyu akufunika kuphunzira chilankhulo, ndipo amathamanga. Pali wina amene sawerenga m'chilankhulo chilichonse. Ameneyu amagwira msanga akayambira m'chilankhulo chimene amalankhula, kenako n'kuwolokera ku chinacho. Mukawaika m'kalasi imodzi, woyambayo amatopa, wachiwiriyo amasochera. Malangizo a chitetezo okha musadikire kuti anthu amalize maphunziro: amasuliridwe lero.

15. Kodi munthu wa zaka 50 angaphunzirebe? Zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Angaphunzire. Amachedwa kuloweza poyerekeza ndi mwana, koma amadziwa chimene akufuna ndi chifukwa chake, zomwe mwana alibe. Pa masamu ambiri amadabwa okha: munthu amene wakhala akugula, kugulitsa ndi kugawa malipiro moyo wake wonse amawerengera kale m'mutu, chimene chimamusowa ndi mmene zimalembedwera papepala.

Kutalika kwa nthawi kumadalira poyambira. Amene akungochotsa dzimbiri angasinthe m'milungu yochepa pa chinthu chimodzi, monga fomu inayake. Woyambira pa zilembo amafunika miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene angakulonjezeni kuti aliyense adzakhala akuwerenga pakatha maola 20 akukugulitsani mphepo. Muonenso maso a ophunzira: ena amene amati kuwerenga kumawavuta amangofunika magalasi enieni. Ena ali ndi vuto lobadwa nalo losokoneza zilembo, lomwe silikhudzana ndi nzeru, ndipo amafunika mphunzitsi wolidziwa.

16. Ndidzadziwa bwanji kuti ndalama zanga zabwerera?

Yezani musanayambe. Ambiri amaiwala zimenezi, n'kumadzafunsa phindu pamapeto alibe poyerekeza. Sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mumazilemba kale: katundu wotayidwa pamwezi, maoda obwezedwa, mafomu obwerera chifukwa cholakwika, maola amene makina aima, anthu osiya ntchito. Lembani za miyezi 3 kapena 6 yapitayo, mudzafananitse ndi miyezi yofanana maphunziro atatha. Ngati muli ndi magawo awiri ofanana, yambani ndi limodzi, linalo likhale poonera.

Mbali ya zolowa ndi yosavuta. Antchito 10, maola 2 pamlungu, milungu 20, ndi maola 400 a malipiro. Onjezani za mphunzitsi ndi zipangizo. Kenako dzifunseni kuti ndi maoda angati obwezedwa, kapena maola angati a makina oima, amene angakwane ndalama imeneyo. Kawirikawiri nambala yake imakhala yaing'ono kuposa mmene mumaganizira.

Chenjezo limodzi: malipoti a zovuta ndi a ngozi zimene zikanachitika akhoza kuchuluka maphunziro akayamba. Musadzidzimuke. Zovutazo zinalipo kale, kungoti tsopano zikulembedwa.

17. Mwina vuto ndi mapepala athu. Osangowafewetsa bwanji?

Afewetseni ndithu, ndipo yambani ndi zimenezo chifukwa n'zotchipa. Malangizo ambiri a pantchito analembedwa ndi munthu wa mu ofesi amene ankaganiza za maloya, osati za woyendetsa makina. Ziganizo zifupike, chilichonse chinene chinthu chimodzi, masitepe akhale ndi manambala, zilembo zikule, chithunzi chikhale pafupi ndi mawu ake. Mukalemba, mupatseni wantchito ayese kutsatira inu mukuonerera osayankhula. Pamene waima, m'pamene pakufunika kukonza.

Koma kufewetsa kuli ndi malire. Lebulo ya ogulitsa mankhwala, uthenga wa pa sikirini ya makina ndi meseji ya kasitomala simulemba ndinu.

18. Kampani yanga ndi ya anthu 8 okha. Zimenezi si za makampani akuluakulu?

Pa anthu 8, mmodzi akalakwitsa palibe womuphimba, ndiye kuti phindu la kumuthandiza limaoneka msanga. Simufunika kalasi. Mungagwirizane ndi mabizinesi ena awiri kapena atatu n'kulipira mphunzitsi mmodzi, kapena kumasula wantchito maola awiri pamlungu kuti apite ku sukulu ya akulu imene ilipo kale, inu n'kumupatsa mapepala a pantchito oti akayeserere. Chovuta pa gulu laling'ono n'chinsinsi, poti aliyense amadziwa za mnzake. Zimene tanena pa funso 11 muzisamale kwambiri.

19. Akayamba kuwerenga pepala la malipiro ndi kontirakiti, sadzayamba kuvuta?

Funso ili anthu amalifunsa motsitsa mawu, msonkhano utatha. Inde, adzayamba kufunsa. Adzawerengera maola a ovataimu, adzafuna kudziwa kuti ndalama yadulidwa apa ndi ya chiyani, ndipo wina adzapeza cholakwa chimene ofesi ya malipiro yakhala ikubwereza miyezi ingapo. Ngati mabuku anu ali olongosoka, zimenezi zimachepetsa mikangano, chifukwa madandaulo ambiri a tsiku la malipiro amachokera pa kusamvetsa: munthu amaona kuti ndalama yachepa, satha kuona chifukwa chake papepala, ndiye amangoti wandibera. Amene angathe kutsatira mzere uliwonse, kuyambira pa malipiro onse, kuchotsa msonkho, penshoni ndi ngongole, mpaka pa yotsala, amabwera ndi funso lolunjika limene kalaliki angayankhe m'mphindi ziwiri.

N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amakonda kuyambira pa pepala la malipiro lomwelo, manambala ake atasinthidwa kuti lisakhale la munthu. Muli kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa, peresenti ndi kadontho kaja ka pa funso 5, ndipo palibe wophunzira amene amaodzera tsiku limenelo. Musanavomere phunziroli, uzani a ofesi ya malipiro ayambe aonanso mabuku awo, ndipo akonzekere mzere pakhomo pawo mwezi woyamba.